Chaka Chimene Tinakwirira Mkuyu wa a Nono

Ndikukumbukira kuti ntchito yanga yoyamba inali yosamalira mtengo umodzi. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndikuphunzira pa sukulu ina ya pulayimale ku Limbe. Bambo anga, a Joakimu, ankaphika pa lesitilanti ya Mtaliyana m'kamsewu kena kotsikira ku siteshoni ya sitima. Tinkakhala ku Chigumula m'nyumba ya lendi yokhala ndi kamunda ka chimanga kuseri. Mayi sankafuna kuti ndizikwera minibasi ndekha, choncho ndikaweruka ndinkapita ku lesitilantiko kukadikira bambo kuti tibwerere limodzi.

Eni malowo anali a Toni. Anthu onse ankati ndi Mtaliyana, koma iwo ankati kwawo ndi ku Amereka, ndipo ku Italy anali asanapondeko. Anabwera kuno ali mnyamata kudzaphunzitsa ku Mulanje, anakwatira mayi wina wa ku Chitawira, osabwereranso. Chinyanja ankachilankhula bwino, cha ku Mulanje komweko. M'chipinda chodyera munkamveka fungo la adyo wokazinga, tomato wowira tsiku lonse ndi utsi wa uvuni wa njerwa momwe ankaotcheramo pitsa. Pakhoma panali zithunzi zakale zotuwa: anthu ovala zipewa ataima padoko ndi mitolo yawo, mayi wonenepa akukanda ufa, kasitolo kakang'ono m'msewu wodzaza chipale chofewa.

Kuseri kwa khitchini, pampando wachitsulo, kunkakhala bambo awo a Toni. Tonse tinkawatchula a Nono, kutanthauza agogo m'chilankhulo chawo, potengera adzukulu awo. Anali aafupi, a manja akuluakulu, ndipo jasi sankavula. Akazi awo atamwalira ku Amereka, a Toni anakawatenga kuti asamakhale okha. Chinyanja ankadziwa mawu ochepa chabe: madzi, bwera, basi.

Pafupi ndi mpando wawo panali mtengowo. Unali mkuyu, koma osati mkuyu wathu waukulu wa m'mbali mwa mitsinje. Unali waufupi, wongopitirira pang'ono msinkhu wa bambo anga, masamba ake okhakhala ndi ogawikana ngati chikhatho. Mbiri yake ndinaimva kambirimbiri, chifukwa a Toni ankakonda kuifotokozera makasitomala. Agogo awo a Toni, bambo wobereka a Nono, anachoka kumudzi wina wa m'mapiri ku Italy pothawa njala. Pokwera sitima ya pamadzi anatenga kanthambi ka mkuyu wa pakhomo pawo, atakakulunga m'nsalu yonyowa, ndipo anakakabzala kuseri kwa nyumba ku Amereka. A Nono pobwera kuno anadula kanthambi ku mtengo womwewo, n'kukabisa m'sokosi. Kunoko kanayamba kukulira m'chitini m'chipinda chawo chogona, kenaka anakaokera panja miyezi ingapo ine ndisanafike. Nyumba ya ku Amereka inagulitsidwa, ndipo oigulawo anadula mtengo uja. Wotsala unali uwu wokha.

A Nono anandiona ndikungokhala pamulu wa nkhuni, tsiku lina anandipatsa ndowa. Kuyambira pamenepo ndinkathirira, kuzula udzu ndi kuthamangitsa apumbwa amene ankabwera kudzajompha zipatso. Malipiro anga anali mbale ya supageti. Nkhuyu yoyamba itapsa, a Nono anaing'amba pakati ndi zala, theka n'kundipatsa. Mkati munali mofiira, motsekemera ngati uchi. Anandiyang'anitsitsa mpaka nditameza.

Mwezi wa Juni chiperoni chinabwera, Limbe yense n'kukhala mu nkhungu ndi kamvula kowaza. Masamba a mkuyu anachita chikasu n'kuyamba kuthothoka. Ine ndinachita mantha kuti mwina ndathirira mopyola muyeso. A Nono sanakwiye. Anatola tsamba limodzi, anayang'ana kumwamba, analowa m'nyumba. Potuluka anali atanyamula piki, fosholo ndi chingwe.

Masana amenewo a Toni ndi bambo awo anakangana m'chilankhulo chawo, manja ali m'mwamba, mpaka ophika onse anatuluka kudzaonerera. Mkangano utatha, a Toni anatembenukira kwa ife nkhope itafiira.

"Madala akufuna dzenje," anatero. "Kuyambira patsinde apa mpaka apo. Lakuya kufika m'chiuno. Akufuna kugoneka mtengowu m'menemo n'kuukwirira mpaka kutafunda."

Woyamba kulankhula anali a Yusufu, dalaivala amene ankabweretsa ufa ndi nkhuni pa pikapu yawo.

"Bwana, wamwalira ndani? Tiuzeni bwinobwino tikagule nsalu."

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa m'mano. Dzenje limene a Nono analemba pansi ndi nsonga ya piki linali lalitali ndi lopapatiza, ndipo aliyense anaona chimene linkafanana nacho. Kwathu kuno dzenje lotero silikumbidwa pamene palibe maliro. Mmodzimmodzi ophika aja anakumbukira kuti asiya mapoto pamoto.

A Toni anafotokoza kuti ku Amereka kumazizira mpaka nthaka kuuma gwa, ndipo mkuyu ukasiyidwa panja umafa. Choncho Ataliyana a kumeneko chaka chilichonse amaugoneka pansi n'kuukwirira, kukafunda n'kuudzutsanso. A Nono anayamba kuthandiza bambo awo ntchito imeneyi ali aang'ono kuposa ine, ndipo sanadumphitsepo chaka.

"Nanga ku Italy amakwiriranso?" ndinafunsa.

"Ayi. Kumeneko sikuzizira choncho."

"Nanga kuno kumazizira ngati ku Italy kapena ngati ku Amereka?"

"Kuno sikufika n'komwe kwa ku Italy."

"Ndiye tikukwiriranji?"

A Toni anakanda m'mutu. "Kafunse agogo akowo. Ine ndalephera."

Ndinayang'ana bambo, amene anaima pakhomo la khitchini akupukuta manja pa epuloni. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosakonda zachilendo, ndipo ndinkayembekeza kuti andiletsa.

"Ntchito yako ndi mtengowo," anatero. "Mwini mtengo akati kumba, kumba. Koma usagonemo poyesa kutalika kwake."

Tinakumba awiri, ine ndi nkhalamba ija. Dothi la ku Limbe ndi lofiira ndi lomata, ndipo m'manja mwanga munatuluka matuza. A Nono ankapuma pafupipafupi atatsamira fosholo, koma nkhope yawo inali yowala kuposa masiku onse. Ankaimba motsitsa. Dzenje litatha anamanga nthambi zonse pamodzi ndi chingwe, anakulunga mtengo ndi ziguduli, nsonga zake n'kuzivindikira ndi pepala la pulasitiki. Anadula mizu ya mbali imodzi. Kenaka tinaukankha pang'onopang'ono, mtengo ukulira m'mizu, mpaka unagona. Pamwamba tinayala matabwa, masamba ouma ndi dothi. Titamaliza, kuseri kwa lesitilanti kunali mtumbira.

Mayi amene ankabweretsa tomato anasiya kulowera kuseri. Kumsika kunamveka mphekesera yoti Mtaliyana wakwirira chizimba chokokera makasitomala. A Yusufu akamadutsa ankavula chipewa chawo n'kunena kuti, "Pepani anamfedwa." Ine ntchito yanga inasanduka yosamvetsetseka. Ndikabwera ndi ndowa, a Nono ankagwedeza chala kukana. Ndinkangokhala pambali pawo, tonse tikuyang'ana mulu wa dothi, kenaka n'kulandira supageti yanga. Sindinkadziwa kuti ndikulipidwa chifukwa chiyani.

Patapita milungu ingapo ndinaona tinjira tadothi tikukwera pansonga ya thabwa limene linatulukira pambali. Ndinakanda ndi kamtengo. Chiswe chinatuluka, choyera, chambiri. Mwana aliyense wa kuno amadziwa chimene chiswe chimachita ndi matabwa, ziguduli ndi masamba ouma zikakhala pansi pa nthaka. Tinali titachikonzera phwando, mkuyu uli pakati.

Ndinatenga chiswe pachikhatho n'kuwaonetsa a Nono. Anachiyang'ana, anachitswanya ndi chala chachikulu, anakweza mapewa. Kwa iwo chiswecho chinali tinyerere basi. Ndinaloza mtumbira, ndinachita ngati ndikutafuna, ndinachita ngati ndikufukula. Analoza kumwamba kumene kunali nkhungu, anadzikumbatira ngati munthu wozizidwa, n'kunena mawu awo aja: "Basi."

Ndinapita kwa a Toni. Anatuluka, anaona, ndipo mkangano unayambiranso. Mapeto ake a Nono anakoka mpando wawo n'kuukhazika pamwamba penipeni pa mtumbira, n'kukhalapo, fosholo ili pamiyendo.

"Ukuona?" a Toni anandiuza. "Akuti tikautulutsa m'nyengo yozizira ufa. Akuti bambo awo anawalumbiritsa. Ndingawanyamule pampandopo ngati thumba la ufa?"

Chiyembekezo changa chinatsala pa bambo. A Nono ankawalemekeza, chifukwa pa ophika onse ndi iwo okha amene ankaloledwa kulawa msuzi wa tomato popanda kuyang'aniridwa. Ndinkaganiza kuti bambo atenga khasu, alankhule mawu awo ochepa, mtengo upulumuke. Mawa lake anatulukadi m'khitchini, koma anali akukankha wilibala yodzaza phulusa la mu uvuni. Anayamba kuliwaza mozungulira mtumbira. A Nono anatsika pampando n'kuwathandiza, ndipo atamaliza anagwirana chanza.

Ine ndinkadziwa kuti phulusa la pamwamba silingaletse chiswe chimene chili kale pansi. Bambo ankadziwanso, chifukwa ndi iwo amene anandiphunzitsa.

Madzulo ake titatsika minibasi pa siteji ya ku Chigumula, ndinalimba mtima.

"Ababa, phulusa lija lithandiza?"

"Ayi."

"Nanga munathiriranji?"

Tinapitiriza kuyenda. Pamsewu panadutsa lole ya tiyi yochokera ku Thyolo, ndipo bambo anaitsatira ndi maso mpaka itakhota.

"Agogo ako, mayi anga, sunawaone," anatero. "Anachokera ku Mozambiki. Kumeneko lole ikaima pamudzi, asipayi, apolisi a Apwitikizi, ankagwira anyamata kupita nawo ku chibalo, ntchito yokakamiza. Mwana wawo woyamba anapita choncho, osabweranso. Ndiye anathawira kuno. Ine ndinabadwira kuno, m'mbali mwa msewu womwewu. Kunalibe msipayi. Koma lole ikangoima, ankandilowetsa m'nkhokwe n'kutseka."

"Nthawi zonse?"

"Malole a tiyi amadutsa kangati pa tsiku? Ndinakulira m'nkhokwe. Tsiku lina ndinalumidwamo ndi chinkhanira. Anthu ankawauza kuti, mayi, kuno kulibe zimenezo. Ankavomera bwinobwino. Lole ikaima, ankanditsekerabe."

"Ndiye munkatani?"

"Palibe. Ndinkalowa."

Anathera pomwepo. Ndinafika kunyumba ndili wosokonezeka kuposa poyamba. Ndinafunsa za chiswe, ndinayankhidwa za nkhokwe. Komanso kanali koyamba kumva bambo akutchula Mozambiki ngati kwathu. Kusukulu, anzanga akamanyoza anthu ochokera kumeneko, ine ndinkaseka nawo.

Kumapeto kwa Ogasiti mphepo yofunda inayamba kuulutsa fumbi m'misewu. A Nono anavula jasi kwa nthawi yoyamba, anandiitana, ndipo tinayamba kufukula. Nthawi iyi ophika onse anatuluka, a Yusufu nawonso anazimitsa pikapu, ndipo panalibe woseka. Matabwa anali atasanduka ngati mapepala. Ziguduli panalibe, chingwe chinatsala tizidutswa. Titayesa kudzutsa mtengo, thunthu linathyoka m'manja mwathu popanda phokoso. Mkati munali dothi lokhalokha.

A Nono anakhala pansi m'mphepete mwa dzenje, miyendo ili m'kati. A Toni anawagwira paphewa, iwo anachotsa dzanjalo. Kenaka anakoka nsonga zija zinali m'pulasitiki, anazivundukula, n'kukanda khungwa ndi chikhadabo. Nthambi zambiri zinali zouma. Zitatu zinaonetsa kubiriwira pansi pa khungwa. Anatulutsa mpeni, anazidula bwinobwino. Imodzi anaisunga. Ina anapatsa a Yusufu. Yachitatu anaiika m'manja mwa bambo anga n'kuwafumbatitsa zala.

Ya a Yusufu inadyedwa ndi mbuzi ya aneba itangophukira. Ya a Nono, imene anaibzala m'chitini, inavunda. Yathu bambo anaizika m'mphepete mwa kamunda ka chimanga, pafupi ndi pamene mayi ankatayira madzi otsukira mbale, ndipo sanaisamale kwenikweni. Mvula itagwa inaphuka. Pofika nthawi yokolola inali itandifika pachifuwa. Ndinkapita ndi tsamba limodzi ku Limbe nthawi ndi nthawi, a Nono n'kulinunkhiza, n'kuliika m'thumba la malaya.

Juni wotsatira, Loweruka lina m'mawa, chiperoni chili chowaza, tinamva galimoto ikuima panja. Anali a Yusufu. Pambali pawo panali a Nono mu jasi yawo. Kumbuyo kwa pikapu kunali piki, fosholo, chingwe ndi matabwa atsopano. Nthawi iyi anabweretsanso malata awiri ndi chigubu cha mankhwala ophera chiswe.

"A Joakimu, ine ndangotumidwa," anatero a Yusufu akutsika. "Akuti tabwera ku maliro achiwiri."

A Nono anapatsa moni mayi mwaulemu, anazungulira kuseri, anaupeza mkuyu uli wopanda masamba. Anaugwira ngati akugwira mwana wodwala malungo. Kenaka anandiyang'ana, n'kundipatsa piki.

Ndinailandira, chifukwa ntchito yanga inali mtengo. Ndinayang'ana bambo, ndikudziwa kale chimene anene, poti ndinali nditachimva chaka chatha.

"Ika pansi piki imeneyo," anatero.

Anapita kukaima pakati pa a Nono ndi mkuyu, manja ali kumbuyo. Analankhula m'Chinyanja, pang'onopang'ono, ngakhale ankadziwa kuti nkhalambayo simva.

"A Nono, uwu munandipatsa. Ndi wanga. Sugona pansi."

A Nono anamva, kaya anamva bwanji. Anakalipa m'chilankhulo chawo, akuloza kumwamba, akuloza mtengo, akudziguguda pachifuwa. Anatchula mawu amodzi kangapo, amene ndikuganiza kuti linali dzina la bambo awo. Ana a aneba anasonkhana kumpanda. Mayi anandinong'oneza kuti bambo ako achotsedwa ntchito lero. Bambo sanasunthe ndipo sanakweze mawu. Nkhalamba itatopa, anandituma kukatenga mpando. Mayi anabweretsa tiyi ndi mbatata. A Nono anakhala moyang'anana ndi mtengo, kapu ili m'manja, osamwa. Pochoka sanatsanzike.

Loweruka lotsatira anabweranso, popanda piki. Anakhala pampando womwewo m'kamvula kaja, akuyang'ana timitengo topanda masamba. Anachita chimodzimodzi nyengo yonse yozizira. Ankakanda khungwa ndi chikhadabo, kuona kubiriwira, n'kupukusa mutu ngati munthu amene akunamizidwa. Mu Seputembala timasamba tinatuluka kunsonga. Tsiku limenelo anamwa tiyi yense.

Ndinafunsa bambo chifukwa chake chaka chatha anathira phulusa, chaka chino n'kukana.

"Chaka chatha mtengo unali wawo," anatero, n'kupitiriza kusenda mbatata.

A Nono anamwalira patapita zaka ziwiri, atadyako nkhuyu za ku Chigumula nyengo imodzi. Anaikidwa kuno, m'dothi lofiira lomwe lija. Lesitilanti inatsekedwa kalekale, ndipo pamalopo pano amagulitsapo matayala. Bambo nawonso anatisiya.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi zaka zambiri, ndipo sindinganene kuti ndinaimvetsa yonse. Chimene ndikuona tsopano n'chakuti munthu wosamuka satenga mbewu yokha. Amatenganso mantha amene anaisunga mbewuyo panjira, ndipo mantha amenewo samva kuti ulendo unatha. Bambo ankadziwa zimenezi kuchokera m'nkhokwe muja. Sanafune kulanda nkhalamba mantha ake pa chinthu chimene chinali chake. Koma chitalowa m'manja mwawo, analandira mtengo wokha, mantha anawakana.

Chimene sindinachimvetse mpaka lero n'chakuti kodi anachita bwino chaka choyamba chija. Akanatenga khasu m'malo mwa wilibala, mkuyu waukulu ukanakhala moyo. Mwina a Nono sakanawakhululukira, ndipo sakanawapatsa nthambi. Mwinanso akanakwiya mlungu umodzi n'kuiwala. Ndikafunsa mkazi wanga amati nkhani ya mtengo ndaikulitsa.

Nyumba ya ku Chigumula tinachokamo ndili ku sekondale. Mkuyu tinausiya, chifukwa unali utakula moti sukanazulika. Chaka chatha ndinatsika minibasi pa siteji paja n'kukasuzumira. Ulipo, watambalala mpaka padenga la bafa. Ana a anthu amene akukhalamo tsopano anali m'mwamba mwake akudya nkhuyu. Ndinafunsa wamkulu wawo ngati akudziwa kumene mtengowo unachokera.

Anandiyang'ana modabwa, kukamwa kuli kofiira.

"Ndi wapompano," anatero.